Logo yaphimba dimba pa mapu athu: tiyiike pati, nanga tiyikhazike bwanji?

Funso lafika kuchokera ku Domwe, m'boma la Angónia:

"Bambo, ndine mlembi wa bungwe la alimi a mbatatesi ndi soya. Mnyamata wina wodziwa za GPS anatithandiza kuyenda m'malire a minda ndi madimba a mamembala athu, ndipo anandiphunzitsako QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu, asanapite kukagwira ntchito ku Moatize. Mapu ndapanga, pa pepala la A3, sikelo 1:10 000. Chandivuta ndi logo. A wapampando akufuna yathu ioneke bwino, abungwe lotithandiza nawonso akufuna yawo ikhalepo. Ndinaziika pakona ya mapu, koma zaphimba dimba la mayi ena ndipo akhumudwa kwambiri. Ndikazikonza lero, mawa ndimapeza zachoka pamene ndinaziika. Nditapita ndi fayilo pa flashi kosindikizira ku Ulongwe, pamalo pa logo panatuluka mtanda wofiira. Titaiikanso kuchokera pa WhatsApp inatuluka yosaoneka bwino, ili m'kabokosi koyera. Ena akuti tiikeponso chizindikiro cha Boma kuti mapu alemekezeke. Msonkhano ndi mafumu wayandikira. Ndithandizeni."

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale pansi. Ntchito yolemetsa, yoyenda m'malire ndi kujambula minda, mwaimaliza kale. Zatsalazi zimavutitsa pafupifupi aliyense amene wayamba kusindikiza mapu, ndipo zonse mungazikonze madzulo amodzi magetsi akakhalapo. Mayina a mabatani ndiwatchula monga alembedwera mu QGIS ya Chingerezi. Ngati yanu ili m'Chipwitikizi, mabataniwo ali pamalo omwewo.

Ndiyambe ndi mayi a dimba aja, chifukwa pa zonse mwalembazi nkhani yawo ndiyo yaikulu. Sanakwiye pachabe. Pa sikelo ya 1:10 000, milimita imodzi pa pepala ikuimira mamita 10 pansi. Logo yaing'ono chabe, ya mamilimita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, yaphimba malo a mamita 300 mbali zonse, kutanthauza mahekitala 9. Kwathu kuno mahekitala 9 si dimba limodzi ayi, ndi minda ya mabanja angapo. Mwaika ma logo awiri, ndiye kuti mahekitala 18 asowa pa pepala. Mapu akanakhala a 1:50 000, monga aja a CENACARTA, ofesi ya Boma yopanga mapu a dziko lino, kalogo komweko kakanameza mahekitala 225, mudzi wathunthu ndi manda ake omwe.

Muganizirenso mmene anthu athu amawerengera mapu. Pepala likayalidwa pa mkeka, munthu sayamba ndi mutu wake kapena sikelo. Amayamba wafunafuna mtsinje ndi chala, n'kuutsatira pang'onopang'ono mpaka pa mlatho, kenako n'kukhotera njira yopita kwawo, akutchula mayina a eni minda imene chala chikudutsa. Chalacho chikafika pamene payenera kukhala dimba lake n'kupeza chithunzi cha bungwe, iye saona kukongoletsa. Amaona kuti bungwe laika chidindo pa malo ake. Anthu a chigawo chino anamva zimene zinachitikira mabanja amene anasamutsidwa ku Moatize migodi ya malasha itayamba, ndiye pepala lililonse lokhudza malo amaliyang'ana ndi maso awiri. Simungawadzudzule.

Choncho langizo langa loyamba, limene sindisintha ngakhale wapampando atalimbikira bwanji, ndi ili: logo isalowe m'kati mwa bokosi la mapu. Ipatseni malo akeake kunja. Ena amanena kuti pakona pali pambalambanda, palibe munda wa membala aliyense. Koma pakona pomwepo pali munda wa munthu wina amene si membala, kapena dambo la mudzi, kapena njira ya ng'ombe, ndipo tsiku lina padzafunika. Ena amaipanga logo kukhala yoonekera mkati n'kuiyala pakati pa mapu ngati mthunzi. Imeneyo ndiye imasokoneza kwambiri, chifukwa mizere ya logo imasakanikirana ndi mizere ya malire, ndipo pepala likajambulidwa pa fotokope simungasiyanitsenso.

Tiyeni tigawe pepala lanu. A3 yogoneka ndi mamilimita 420 m'lifupi ndi 297 kutsika. Siyani mamilimita 10 opanda kanthu kuzungulira pepala lonse, chifukwa ma pulinta ambiri safika m'mphepete penipeni, ndipo m'mphepetemo ndi momwe anthu amagwira ndi kumatapo tepi pokhoma pa khoma. Bokosi la mapu liyambire pa X 10 ndi Y 10, likhale la mamilimita 320 m'lifupi ndi 277 kutsika. Kudzanja lamanja kutsala mpata woyambira pa 335 kufika pa 410, wa mamilimita 75. Mpata umenewu ndiwo nyumba ya zonse zimene si nthaka: mutu wa mapu pamwamba, kenako tanthauzo la zizindikiro, muvi woloza kumpoto, kamzere ka sikelo, tsiku ndi dzina la wopanga, ndipo ma logo pansi penipeni. Ngati malo anu ndi otambalala kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, mpatawo muuike pansi m'malo mwa m'mbali, wokwera mamilimita 40 kapena 45. Mukachepetsa bokosi la mapu chonchi, bwererani pa bokosilo mukaone ngati sikelo idakali 10 000, chifukwa nthawi zina imasintha mwakachetechete, ndipo mulembenso nambalayo ndi dzanja.

Chifukwa chiyani pansi osati pamwamba? Maso a munthu ayenera kuyamba ndi dzina la malo. Logo ndi yonena kuti mapuwa wawapanga ndani ndipo ndani angafunsidwe za iwo, ndiye malo ake ndi pamene munthu amasainira kalata. Sindikuti pamwamba n'poletsedwa. Mabungwe ena amaika logo yawo pambali pa mutu, ndipo zimaoneka bwino ikakhala imodzi yokha. Zikakhala ziwiri kapena kuposa, mutu umapanikizika ndipo dzina la mudzi limayamba kulembedwa ndi tizilembo tating'ono toti agogo sangawerenge.

Tsopano za kusuntha kuja. Logo siyenda yokha, pali chimene chikuisuntha, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zingapo.

Choyamba muone kuti munailowetsera kuti. QGIS ili ndi zipinda ziwiri: chachikulu mmene mumajambula minda, ndi Print Layout mmene mumakonzera pepala. Logo mukaiika m'chipinda chachikulu ngati kadontho kapena ngati annotation, imamatirira pa nthaka, ndiye mukangokoka mapu kapena kusintha sikelo, nayo imapita ndi nthakayo. Mukaiika kudzera pa View, Decorations, imaoneka pa sikirini koma pa pepala losindikiza sifikako n'komwe. Malo ake enieni ndi mu Print Layout, pa batani la Add Picture. Ikalowera pamenepo imamatirira pa pepala, osati pa nthaka, ndipo mapu mungawatembenuze mmene mungafunire iyo osagwedezeka.

Chachiwiri ndi mausi. Pokonza tanthauzo la zizindikiro kapena mutu, n'kosavuta kukhudza logo n'kuikoka pang'ono osazindikira. Mankhwala ake ndi kusiya kuika ndi dzanja n'kuyamba kuika ndi manambala. Dinani pa logo, pitani ku Item Properties, tsikani mpaka pa Position and Size. Pali X, Y, Width ndi Height, ndipo pansi pake pali timabokosi 9 totchedwa Reference point. Anthu ambiri amatidumpha timabokosi timeneti, koma ndi pamene pagona nkhani. Timanena kuti manambala a X ndi Y akuyezera pa mbali iti ya logo. Poyamba QGIS imasankha ngodya ya pamwamba kumanzere. Inu, popeza logo ikukhala pansi kudzanja lamanja, sankhani kabokosi ka pansi kumanja, kenako lembani X 410 ndi Y 287. Ngodya imeneyo yakhazikika mamilimita 10 kuchokera m'mphepete zonse ziwiri. Mawa a wapampando akanena kuti ikuleko, mukalemba Width ndi Height zokulirapo logo idzakulira m'kati mwa pepala, kumanzere ndi kumwamba, osatulukira kunja. Mukanasiya ngodya ya pamwamba kumanzere, ikanakulira kumphepete n'kudulidwa ndi pulinta. Kumbukirani kuti Y amawerengedwa kuchokera pamwamba pa pepala kutsika pansi, osati kuchokera pansi monga manambala a GPS amachitira.

Mukakhutira nayo, ikiyeni. Pa mndandanda wa Items pali kabokosi ka loko pambali pa chinthu chilichonse. Chongani pa logo, chonganinso pa bokosi la mapu. Chokiyidwa mausi sachigwiranso. Mukafuna kuisuntha pang'ono isanakiyidwe, gwiritsani ntchito mivi ya pa kiyibodi: kudina kamodzi ndi milimita imodzi, mukagwira Shift ndi mamilimita 10.

Chachitatu ndi kusintha kukula kwa pepala. Mukakonza pa A3 kenako n'kusintha kukhala A4 kapena A1, zinthu zonse zimatsala pa manambala awo akale. Pa A4 logo ya pa X 410 imapezeka kunja kwa pepala, pa A1 imapezeka pakati. Njira yapafupi ndi kukhala ndi ma layout awiri, limodzi la A3 ndi lina la A4, lililonse ndi manambala ake. Kwa amene wazolowera, pambali pa X ndi Y pali kabatani kolembapo kawerengedwe. Mukalemba @layout_pagewidth - 10 pa X ndi @layout_pageheight - 10 pa Y, ngodya ija izitsatira mphepete mwa pepala lililonse limene mungasankhe. Pa ntchito yanuyi sizofunikira kwenikweni, ndangotchula kuti mudziwe kuti zilipo.

Pali chinanso chimene chimanamiza maso. Logo imakhala m'kafelemu kake, ndipo kafelemuko ndi kamene manambala aja amayeza, osati chithunzi chenicheni. Ngati kafelemu ndi kotambalala koma logo ndi yozungulira, imakhala kumbali imodzi n'kusiya mpata mbali inayo, ndiye mumaona ngati manambala akunama. Pa Resize mode sankhani Zoom, ndipo pa Placement muuze chithunzi kuti chikhale pakati kapena pansi kumanja. Kapena sankhani Zoom and resize frame kuti kafelemu kafanane ndi chithunzi. Stretch muipewe nthawi zonse. Imakoka chithunzi kuti chidzaze felemu, logo yozungulira n'kukhala yophwatalala, ndipo mabungwe othandiza amadana nazo kwambiri zimenezi. Muonenso pa Image Rotation kuti Sync with map n'posachonga. Malo amenewo anapangira muvi wa kumpoto, umene nawonso ndi chithunzi, kuti uzitembenuka pamodzi ndi mapu. Logo siyenera kutembenuka.

Tibwere ku mtanda wofiira wa ku Ulongwe. Palibe chimene chinaonongeka pa fayilo yanu. Mukalowetsa chithunzi, QGIS sichimeza, imangolemba adiresi ya pamene chili pa kompyuta yanu. Mutatenga fayilo ya polojekiti pa flashi, munatenga adiresi, chithunzi n'kutsala ku Domwe. Zili ngati kufika pa msika wa Ulongwe ndi kapepala konena kuti thumba la mbatatesi lili kuseri kwa chitseko kunyumba. Kompyuta ya kosindikizira inapita pa adiresiyo, sinapezepo kanthu, ndiye inajambula mtanda wofiira kukuuzani kuti chithunzi chasowa.

Njira zokonzera zilipo, ndipo ine ndimazigwiritsa ntchito zonse pamodzi. Yoyamba ndi kulowetsa chithunzi m'kati mwa polojekiti momwemo. M'ma QGIS a masiku ano, pambali pa bokosi lolembamo adiresi ya chithunzi pali kamuvi kotsika. Dinani pamenepo, sankhani Embed File, n'kuloza logo yanu. Kuchokera pamenepo chithunzi chakhala mbali ya fayilo ya polojekiti, ya .qgz, ndipo kulikonse kumene fayilo ingapite, nacho chipita. Mukapanda kupeza Embed File, ndiye kuti QGIS yanu ndi yakale, ipezereni yatsopano, n'njaulere. Amene amagwiritsa ntchito ArcMap, pulogalamu ina ya mapu, ali ndi chofanana nacho, kabokosi kolembedwa Save Picture as Part of Document. Kuipa kwake n'kwakuti fayilo imalemera ngati chithunzi n'chachikulu, komanso bungwe likadzasintha logo muyenera kulowetsanso yatsopano, chifukwa polojekiti siyang'ananso chithunzi cha panja. Yachiwiri ndi kusunga zonse mu foda imodzi, polojekiti, minda, mitsinje ndi ma logo, n'kuonetsetsa kuti pa Project Properties, pa Save paths, palembedwa Relative. Posamuka muzisamutsa foda yonse.

Koma kunena zoona, kosindikizira simuyenera kupitako ndi polojekiti n'komwe. Pitani ndi PDF. Mu Print Layout dinani Export as PDF muli kwanu, pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse ya pepala, ndipo zonse zimamangidwa pamodzi: minda, zilembo, ma logo. Wosindikiza safunika kukhala ndi QGIS, ndipo palibe chimene angasunthe mwangozi. Itseguleni PDF imeneyo pa foni kapena pa kompyuta ina musanakwere chapa, muikulitse pa ma logo ndi pa mayina a midzi. Ngati logo ikuoneka pa sikirini koma mu PDF mulibe, pali zifukwa ziwiri zofala. Mwina pa Rendering pachongedwa Exclude item from exports, kapena logo ili pansi pa chinthu china choyera, monga bokosi la tanthauzo la zizindikiro. Ikwezeni pamwamba ndi Bring to Front.

Za kusaoneka bwino kuja, wolakwa ndi njira imene logo inadzera. WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chotumizidwa ngati chithunzi, ndipo chikadutsa pa mafoni angapo, wina n'kuchijambula pa sikirini, chimafika chitatha. Kuti chisindikizike bwino pa 300 dpi, logo ya mamilimita 30 imafuna ma pikiselo pafupifupi 354 m'lifupi, owala bwino, ndipo ya mamilimita 60 ya pa pepala la A1 imafuna 709. Kuchuluka kwa ma pikiselo pakokha sikokwanira, chifukwa chithunzi chofinyidwa kale chingakhale ndi ma pikiselo ambiri koma tizilembo take titasungunuka. Kuchikulitsa pa kompyuta sikubwezeretsa chimene chinatayika. Pemphani fayilo yoyambirira kwa amene anajambula logo, aitumize pa imelo, kapena pa WhatsApp koma ngati Document.

Kabokosi koyera kamachokera ku mtundu wa fayilo. JPEG sidziwa kusiya malo oonekera, ndiye imadzaza kuseri kwa logo ndi utoto woyera. PNG imatha kukhala yopanda kuseri, ndipo SVG ndiyo yabwino koposa chifukwa ndi ya mizere, mungaikulitse kufika pa khoma lonse osaphwanyika. Bungwe lokuthandizani liyenera kukhala nayo, afunseni. Koma onani ubwino wina wochotsa logo m'kati mwa mapu: pa mpata woyera uja, kabokosi koyera sikaonekanso, ngakhale logo yanu ili JPEG. Chongofunika ndi kudula mphepete zoyera zochuluka za chithunzicho musanachilowetse, kuti manambala ayeze logo yeniyeni. Muonenso pa Item Properties kuti Background ndi Frame n'zosachonga, chifukwa nthawi zina kabokosiko amakaika ndi QGIS yomwe.

Ma logo awiriwo muwalinganize kutalika, osati m'lifupi. Ina ikakhala yozungulira ndipo ina ndi dzina lalitali, kuwapatsa m'lifupi mofanana kumachititsa yozungulira kuoneka yaikulu kwambiri. Pa A3, mamilimita 20 kufika 25 akukwana. Pakati pawo musiye mpata wosachepera mamilimita 5. Sankhani zonse ziwiri, gwiritsani ntchito Align kuti zikhale pa mzere umodzi, kenako muzimange pamodzi ndi Ctrl ndi G. Yesaninso kuwerenga tizilembo ta mu logo pa pepala losindikizidwa. Ngati dzina la bungwe silikuwerengeka, lilembeni pansi pake ndi zilembo wamba.

Ndipo pamwamba pa logo iliyonse lembani mawu ochepa onena ntchito ya mwini wake: "Opanga mapu" pa yanu, "Othandiza ndi ndalama" pa inayo. Izi zimaoneka zazing'ono koma zimateteza onse awiri. Munthu wa m'mudzi akaona chizindikiro cha bungwe lachilendo pa mapu a munda wake popanda mawu ofotokoza, funso loyamba limakhala loti kodi malowa agulitsidwa. Mabungwe akuluakulu othandiza amakhalanso ndi malamulo olembedwa a mmene logo yawo iyenera kukhalira, kukula kwake, mpata woizungulira ndi mawu otsagana nayo. Afunseni musanasindikize, muwatumizire PDF aone. Akanena kuti yawo ikule kuposa yanu, kambiranani, koma zonse zithere mu mpata wa m'mbali uja.

Kwa a wapampando, ndikumvetsa chimene akufuna. Bungwe lavutikira ntchitoyi ndipo liyenera kudziwika. Njira yowakhutiritsa popanda kudya nthaka ndi kulemba dzina la bungwe m'mutu wa mapu ndi zilembo zazikulu, pansi pa dzina la malo. Dzina limawerengeka munthu ali patali kuposa logo.

Chizindikiro cha Boma musachiike. Apa ndikulankhula molimba. Chizindikiro cha Republic ya Mozambique ndi cha zikalata zotuluka m'maofesi a Boma. Mapu anu ndi a bungwe, opangidwa ndi GPS ya m'manja, imene imatha kuphonya ndi mamita angapo. Mukaikapo chizindikirocho, mukuuza aliyense kuti Boma layeza malirewa ndi kuwavomereza, pamene sizinachitike. Lero zingaoneke ngati ulemu, koma pakapita zaka, amene analipo pa msonkhano atamwalira kapena atasamuka, mwana wa wina adzatulutsa pepalalo pa mlandu wa malire n'kunena kuti ichi n'chikalata cha Boma, ndipo dzina la bungwe lanu lidzakhala pansi pake. N'chimodzimodzi ndi chizindikiro cha ofesi ya boma la Angónia kapena ya SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi zachuma m'bomali: chiikidwe pokhapokha ofesiyo yatengako mbali ndipo yalola polemba kalata. Mlangizi wa zaulimi kungobwera pa msonkhano si chilolezo.

Ulemu wa mapu umachokera pa zimene alembapo zoona. Mu mpata uja, pamwamba pa ma logo, lembani tsiku limene munayenda m'malire, chipangizo chimene munagwiritsa ntchito, ndi dongosolo la manambala a malo. Kuno ku Tete tili mu UTM zoni 36 ya kumwera, ndipo ngati GPS yanu inali pa WGS 84, mu QGIS ndi EPSG:32736. Izi n'zofunika kulemba chifukwa mapu ena akale a dziko lino anapangidwa pa dongosolo lina, lotchedwa Tete datum, ndipo manambala a malo amodzi omwewo safanana pa madongosolo awiriwa. Tekiniki wodzatenga mapu anu mtsogolo akadziwa dongosolo, adzatha kuwalumikiza ndi ake. Ngati misewu ndi mitsinje munaitenga ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, chilolezo chawo chimafuna kuti mulembe mawu akuti © OpenStreetMap contributors. Kamzere kameneka kali ndi ufulu wokhala pa pepala kuposa logo iliyonse, ndiye mpata ukachepa, chepetsani logo. Kenako onjezani chiganizo chimodzi, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, chonena kuti mapuwa ndi othandiza bungwe pa ntchito zake ndipo si chikalata cha DUAT, chimene Boma limapereka chotsimikizira ufulu wogwiritsa ntchito malo.

Kosindikizira kuli msampha wina umene ndikufuna muudziwe. Wosindikiza akasankha Fit to page, pepala lonse limafinyika pang'ono kuti likwane, ndipo ma logo amaoneka ngati asunthira m'kati. Choipa kwambiri n'chakuti 1:10 000 uja salinso woona. Akatsitsa A3 kukhala A4, zonse zimachepa kufika pa 71 peresenti, sikelo yeniyeni n'kukhala pafupifupi 1:14 000 pamene pepala likunenabe 1:10 000. Muuzeni asindikize pa Actual size kapena 100 peresenti. Mutenge rula ya mwana wa sukulu m'chikwama. Pepala loyamba likangotuluka, likadali lofunda, yezani kamzere ka sikelo: gawo la mamita 500 liyenera kukhala mamilimita 50 ndendende. Likakwana, asindikize otsalawo. N'chifukwa chake kamzere ka sikelo sikayenera kusowa pa mapu, pakuti iko kamachepa pamodzi ndi pepala n'kukhalabe koona. Mitundu nayo muiyembekezere kusintha pang'ono, wobiriwira wa pa sikirini amatuluka wakuda pang'ono pa pepala. Ngati mudzajambula makope ena pa fotokope wamba, yesani limodzi muone ngati logo ndi malire zikusiyanitsika popanda mitundu.

Zonse zikakhala bwino, sungani kapangidweka ngati template, pa Layout, Save as Template. Mapu a mudzi wotsatira mudzangotsegula template imeneyo, ma logo ali kale pamalo pake, n'kungosintha mutu ndi tsiku.

Pali pamene muyenera kufuna thandizo la ena. Ngati logo yanu ilipo pa chidindo kapena pa chikwangwani chokha, popanda fayilo, musavutike kuijambula ndi foni. Pitani kwa wodziwa kujambula pa kompyuta, ku Ulongwe kapena mu mzinda wa Tete, akuijambulireninso mwa mizere, akupatseni SVG ndi PNG, muzisunge pa imelo ya bungwe osati pa foni ya munthu mmodzi. Ngati mukufuna pepala lalikulu la A1 lokhoma pa khoma, funsani kaye wosindikiza kukula kwa pepala la makina ake musanakonze layout. Ndipo ngati cholinga cha bungwe n'choti mapuwa adzathandize kupeza DUAT kapena kulembetsa malire a malo a mudzi, imeneyo ndi ntchito ina. Lamulo la malo la 1997, nambala 19/97, linavomereza ufulu wa anthu ndi midzi pa malo amene akhalapo mwa chikhalidwe chawo, koma kuyeza ndi kulembetsa kumadutsa ku ofesi ya Boma yoona za malo, pamodzi ndi msonkhano wofunsa anthu a m'mudzi ndi midzi yoyandikana nayo. Yambani mwafunsa ku maofesi a boma ku Ulongwe, akuuzeni mtundu wa mapu amene amalandira. Kawirikawiri amafuna manambala a malire enieniwo kuposa pepala lokongola, ndiye musunge bwino mafayilo a GPS aja.

Mayi a dimba aja musadikire msonkhano. Mukasindikiza pepala latsopano, pitani nalo kwawo ndi mmodzi wa akomiti, muwaonetse dimba lawo likuoneka lonse, muwafunsenso ngati malire ake ali momwe iwo amawadziwira. Makope akale amene munagawa kale muwatolere onse, kuti pa tsiku la mafumu pasadzapezeke mapepala a mitundu iwiri.